Nkhunda za aZakwana

Bodza lalikulu limene ndamva chaka chino ndalimva pamaliro, Loweruka lapitali, ku Kabudula. Analinena ndi malume anga aLingisoni, ataima pakati pa khamu, jekete atamanga mabatani onse, chipewa chili m'manja. Anati malemu aGelesomu anali mzati wa mudzi wathu. Anati chichokereni iwo kwathu ku Namitete pamudzi panazizira, ndipo ife akuchikazi tataya bambo. Pomaliza anatulutsa kampango n'kupukuta m'maso mouma gwa. Ine ndinali pamphasa pakati pa amayi anzanga, ndipo ndinalavulira kumbali. Mayi wina wa komweko anandifunsa ngati ndikumva mseru. Ndinati eya, ndipo sindinaname.

Amene anawachotsa aGelesomu pamudzi pathu zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndi malume omwewa. Tonse amene tinapanikizana m'pikapu m'mawa umenewo tikudziwa zimenezo, koma ena mpaka ankagwedeza mitu ngati akumva ulaliki. Anthu akwathu manyazi alibe, ndikukuuzani.

Komatu musaganize kuti ndakhala pansi kuti ndiwasandutse aGelesomu mngelo. Iyayi. Munthu ameneyu anandipsetsa mtima kuyambira ndili mtsikana mpaka lero ndili ndi zidzukulu, ndipo ngakhale ali m'manda sindinathane nawo. Mwamuna wosavuta kukhutitsa ngati iwo sindinamuonepo, ndipo ine zimenezo zinkandinyansa.

Anali amuna a mayi anga aang'ono, aNabanda. Anachokera ku Kabudula n'kudzalowa chikamwini kwathu ine ndili wa kumsana. Akuluakulu ankatiuza kuti anafika ndi khasu, bulangete limodzi, ndi kadengu kokhala ndi maunda awiri, tiana ta nkhunda tosayamba kuuluka. Anthu anaseka tsiku lomwelo, ndipo sanasiyenso kuseka. Ife ana pamaso pawo tinkati bambo aang'ono, koma kumbali anali aZakwana, ndipo dzinalo silinali lowatamanda. Muwapatse mbatata imodzi ndi tiyi wopanda shuga, amvekere, "Zakwana." Mtedza ubereke theka la chaka chatha, "Zakwana." Thalauza ling'ambike pabondo, mayi aang'ono alisoke ndi chigamba cha mtundu wina, iwo alivale n'kuzungulira nalo pabwalo ngati agula latsopano. Mwambi uja wa fodya wa pamphuno, woti wa pachala ndi wa mphepo, ankaunena kawirikawiri ngati anaupeka okha, pamene fodya weniweniyo sankamufwenkha n'komwe.

Khola lawo la nkhunda linali kuseri kwa nyumba, pamwamba pa mitengo inayi yaitali, zipinda zake za makungwa ndi miphika yakale, denga la udzu. Pansi pake anagonekapo mtondo wong'ambika umene anausema kuti nkhunda zizimweramo. Kukangocha, aGelesomu ankatenga ndowa ulendo wa kudimba, kumene anakumba chitsime chawochawo chosaphwa ngakhale mu Okutobala. Akabwerako ankatsuka mtondo uja ndi chitsononkho, kuthiramo madzi, kumwaza misere, kenako n'kupita kumunda monga aliyense. Ulesi analibe, zimenezo sindingawanamizire. Koma dzuwa likafika paliwombo, kaya ali pakati pa mzere, kaya pali alendo, ankasiya zonse kukataya madzi am'mawa aja n'kuthira ena. Ankati nkhunda siyenera kumwa madzi ofunda. Akatero ankakhala pampando wawo wa ndalema, kutulutsa mtedza wokazinga m'thumba la jekete, kuufikisa m'manja, kuuzira makoko, n'kumaimba mluzu nyimbo za kutchalitchi. Mwamuna wamkulu, imvi mbuu, kuyang'anitsitsa mbalame zikumwa madzi ngati akuonera mpira!

Chaka china fodya anagulidwa bwino kuokushoni. Amuna a m'mudzi anabwerako ndi njinga, mawailesi, ena mpaka akazi achiwiri. AGelesomu n'kuti atasiya kalekale fodya, ati amamuwawitsa munthu msana ndi mtima womwe, iwo n'kumalima chimanga ndi mtedza basi. Mayi aang'ono anali mkazi wapakamwa, ndipo tsiku limenelo mudzi wonse unawamva akukalipira amuna awo, kuwatchula ndi mfunda wawo.

"Inu aMbewe, kodi maso muli nawo? Anzanu akubwera ndi njinga, inu mukubwera ndi zitosi za nkhunda pachipewa!"

"Nanga njingayo ndizikwera kupita kuti, Nabanda? Kudimba ndi apa, kutchalitchi ndi apo."

"Mukwere muzipita kwanu!"

"Kwathu n'kutali. Ndiyambe ndamwetsa nkhunda."

Mayi aang'ono anaseka osafuna, ndewu n'kuthera pomwepo. Ndi mmene ndewu zawo zonse zinkathera, ndipo ine zinkandikwiyitsa kuposa ndewuyo. Chaka chotsatira matalala anagwa mu Febuluwale, fodya yense m'mudzi n'kusanduka nsanza. Amuna anakhala m'makonde manja ali m'masaya, amayi ena kulira ngati pagwa maliro. AGelesomu anatulukira kuseri kwa nyumba akumwetulira, n'kulengeza kuti nkhunda zonse zapulumuka, ngakhale dzira limodzi silinasweke. Amayi anga anawagenda ndi chipande.

Kutchalitchi anafuna kuwasankha kukhala mkulu wa mpingo, poti munthu wosaledzera, wosatukwana, wodziwa kuwerenga anali wosowa. Iwo anathokoza kwambiri n'kukana. Atawafunsa chifukwa, anati misonkhano ya akulu ampingo imadutsitsa masana. Abusa anaganiza kuti akunena za njala. Ife tinadziwa kuti akunena za mtondo.

Ana anabereka awiri, ndipo onse anatisiya asanayambe kuyenda. Kwathu kuno mkamwini amamuyesa ndi ana. Wopanda ana amamuona ngati tambala wobwereka amene mazira ake sanaswe, ndipo anthu ankanena zimenezo iwo akumva, pamowa, padambo, ngakhale pamaliro. Inenso ndinanenapo, sindibisa. Ndinkadikira kuti tsiku lina adzaphulika, adzatukwana munthu, tidzadziwe kuti m'chifuwamo muli magazi. Ndinadikira zaka makumi anayi. Mayi aang'ono anandiuzapo kamodzi, tikusenda mtedza, kuti ataika mwana wachiwiri amuna awo anakhala pansi pa khola masiku atatu osaimba mluzu, osadya, ndipo tsiku lachinayi anadzuka n'kukatsuka mtondo. Kulira kwawo konse kumene ndikukudziwa ndi kumeneko.

Nkhunda zinaswana mpaka zikauluka zonse pamodzi pabwalo pankachita mthunzi. Kwathu timati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu, ndiye anthu ankadabwa kuti zikukhala bwanji pamene aNabanda amalalata kuyambira m'mawa. Ena ankabwera mozemba kudzafunsa mankhwala amene amathira m'madzi. AGelesomu ankawauza kuti mankhwala ake ndi chitsononkho ndi ndowa. Za akazi awo ankati Nabanda amakalipa ndi pakamwa pokha, ndipo nkhunda zimadziwa kusiyanitsa phokoso ndi chidani. Anthu ankachoka akung'ung'udza kuti mkuluyu akubisa.

Kugulitsa sankagulitsa, chinthu china chimene chinkandiwawa. Ku Namitete nkhunda zimayenda malonda, koma iwo ayi. Maunda awo anali a odwala. Mayi akachira kuchipatala, mwana akachepa magazi, nkhalamba ikakana chakudya, mumangoona aGelesomu akubwera ndi kambale kovindikira. Chaka chimene malume aLingisoni anatuluka m'chipatala cha mishoni ali mafupa okhaokha, chifuwa chitawagoneka mwezi wathunthu, chimene chinawadzutsa ndi msuzi wa maunda a alamu awo, tsiku ndi tsiku mpaka masaya anabwerera. Pamaliro paja malume analankhula nthawi yaitali, koma za msuziwo sanatchule.

Tsono nkhani imene ndikufuna kunena ndi iyi. Mayi aang'ono anamwalira kumapeto kwa Julaye, atakhala ndi amuna awo zaka makumi anayi ndi chimodzi. Mwambo wathu umati mkazi akamwalira, pakapita nthawi ankhoswe a mbali zonse amakumana n'kumusudzula mwamuna, ndiko kuti kumumasula kuti akhoza kubwerera kwawo kapena kukakwatira kwina. Koma nkhalamba yopitirira zaka makumi asanu ndi awiri ikakwatira kuti? Midzi ya anthu imangochita mwambowo n'kunena kuti, bambo, khalani, mudzagone pompano pafupi ndi akazi anu. Palibe akanadabwa ife tikanatero.

Koma malume anali ndi zawo. Iwo chikamwini sanachilaweko, akazi awo anachita kuwatenga chitengwa, ndipo ana awo anakulira pamudzi pathu. Mwana wawo wamwamuna ankafuna kulima fodya wambiri, ndipo fodya amayambira panazale, nazale imafuna madzi, madzi osaphwa anali pachitsime cha aGelesomu. Nazale amafesa mu Sepitembala. Ndiye tsitsi limene tinameta pamaliro lisanamere n'komwe, malume anatumiza uthenga ku Kabudula kuti akuchimuna abwere tidzamasule munthu wawo. Mwambo umene umadikira anthu apume, iwo anauthamangitsa kuti upezane ndi mbewu ya fodya. Asa!

Ife amayi a pamudzi tinakhala pansi. Malo ndi athu, mbumba ndife, malume ndi otiyang'anira chabe. Tinagwirizana kuti aGelesomu sachoka. Koma munthu sungamumenyere nkhondo iye ali chete, ndiye anandituma ine, poti pakamwa ndinatengera mayi aang'ono. Ndinawapeza pampando wawo uja masana, tsiku la msonkhano lili mawa.

"Bambo, mawa akakufunsani maganizo anu, mungoti ndikufuna kukhala. Mawu awiri okha. Zotsalazo mutisiyire ife."

"Ndamva, Esinati."

"Mwamvadi, eti? Musakayambe za zakwana zanu zija."

"Ndamva, mwana wanga. Tenga mtedza."

M'mawa mwake tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango kwa malume. Kuchokera ku Kabudula kunabwera aYosefe, mwana wa mlongo wawo wa aGelesomu, poti ankhoswe akale onse anali atamwalira. Malume analankhula, kulankhula, kulankhula. Ati mkamwini ndi mlendo. Ati mkamwini asamakule mwendo. Ati chimene chimamanga mwamuna pamudzi ndi ana, nanga apa ana ali kuti? Ati iwo sakuthamangitsa munthu, akungotsata za makolo. Za nazale sanatchule, koma mwana wawo anali atayamba kale kuunjika mapesi otenthera mabedi m'mphepete mwa dimba, aliyense akuona. AYosefe anayesetsa ndithu. Anatchula nyumba ya njerwa zootcha imene malume awo anaumba okha, chitsime, mitengo ya mango, manda a akazi awo ndi a ana awiri. Anafunsa kuti kodi munthu wa msinkhu uwu akayambira pati kwawo kumene anachokako ali mnyamata. Mawu anakwera, dzuwa nalo linakwera.

Kenako malume anatembenuka. "Alamu, mwamva zonse. Inuyo mawu anu ndi otani?"

Ife amayi tinakonza zitenje, okonzeka kuimirira. AGelesomu anawayang'ana malume nthawi yaitali, osaphethira. Kenako anayang'ana kumwamba, kumene dzuwa linali litafika paliwombo. Anadzuka, kusasa fumbi kuthalauza, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Pepani akuluakulu, dzuwa lakwera. Madzi a nkhunda afunda."

Basi, anapita. Tinawaona akuzungulira kuseri kwa nyumba yawo, ndowa ili m'manja.

"Mwadzionera nokha," anatero malume. "Munthu alibe mawu."

Ine ndinaimirirabe. Ndinati ife mbumba sitikuvomereza, ndinati chitsime sichinadzikumbe chokha, ndinati ndi zina zimene sindingazibwereze pano. Malume anandisiya ndimalize, n'kundifunsa mofatsa, "Iwe Esinati, mwini wake wapita kukamwetsa nkhunda. Nanga iweyo ukulirira ndani?" Anthu anaseka, ngakhale amayi anzanga amene tinapangana aja. Ndinakhala pansi. Manyazi ngati amenewo sindinawaonenso, ndipo amene anandichititsa si malume.

Msonkhano utatha ndinapita kukhola. Ndinawapeza atagwada, akutsuka mtondo.

"Bambo, kodi mutu wanu ukuyenda bwino? Mawu awiri okha! Mwatichititsa manyazi tonse chifukwa cha mbalame?"

"Ndinawayang'ana m'maso alamu anga, Esinati."

"Ndiye?"

"Ndikananena kuti ndikhala, inu mukanapambana, eti? Ndiye mawa m'mawa ndikupita kudimba ndi ndowa, ndikumana ndi alamu panjira. Mkuja chimodzimodzi. Madzi ndizitunga pachitsime cha mlandu. Iwe ndi malume ako osapatsana moni chifukwa cha ine. Ine ndakhala pano zaka zonsezi chifukwa kukacha ndimadzuka mtima uli m'malo. Zimenezo zikatha, chotsala ndi njerwa."

"Nanga manda a mayi? Nanga a ana anu?"

Dzanja lawo linaima. 

"Amenewo ndiwo akundiwawa," anatero. "Koma Nabanda sangamve kuti ndili pafupi kapena kutali. Womva ndine, ndipo ndipirira."

"Ndinu amantha," ndinawauza. Ndinanenadi mawu amenewo, kwa munthu amene anandinyamulapo pamapewa, ndipo sindinachite chibwibwi.

"Kapena," anatero. "Tandipatsira ndowayo."

Ndinawapatsira, chinthu chimene mpaka lero sindimvetsa. Ndipo taonani kupusa kwa nzeru zawozo: ine ndi malume chichokere tsiku limenelo moni wathu ndi wa pamaliro basi. Ndiye anapulumutsa chiyani? Ndikafunsa funso limeneli anthu amati ndisiye, munthu anapita. Sindisiya.

Patapita masiku anayi aYosefe anabwera ndi njinga yamoto kudzawatenga. Pamenepo malume anatulutsa ina. Ati nkhunda zakhala zikudya misere ya pamudzi pano zaka zonsezi, ndiye ndi za pamudzi pano. AYosefe anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi, koma aGelesomu anangoseka.

"Zisiye, Yosefe. Zazikuluzi ngakhale titazitenga zibwerera konkuno. Alamu, mundipatseko maunda awiri okha, amene sanadziwe kwawo."

Malume anakwera okha pamakwerero, munthu wa mimba yake, n'kusankha maunda awiri owonda kuposa onse. AGelesomu anawalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Anathokoza! Anawaika m'kadengu, kukhala kumbuyo kwa njinga, kadengu pamiyendo, khasu atalimangirira kumbali. Mpando wa ndalema unatsala poti panalibe pouika. Anachoka ndi zimene anabwera nazo, kusiyana kwake bulangete linali lina. Podutsa pakhomo panga anakweza dzanja. Ine ndinali pakhonde ndikupeta, ndipo sindinasiye kupeta.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti Mulungu anawalanga malume, koma ndikhala ndikunama ngati iwo. Nazale inamera bwino, fodya anachita bwino, mwana wawo anagula njinga yamoto, ndipo malume ndi onenepa mpaka lero. Nyumba ya aGelesomu anaisandutsa mosankhira fodya ndi mosungira mabelo. Chimene chinawakanika ndi nkhunda zokha. Poyamba ankadya maunda ngati ndiwo za masiku onse, mpaka kuitanira anzawo. Madzi ankathira akakumbukira. Pansi pa khola pomwepo ndi pamene iwo ndi mwana wawo ankatukwanirana za fodya, uyu akuti dimba ndi langa, uyu akuti thukuta ndi langa. Nkhunda zinayamba kuchepa. Malume anapita mpaka kumsika wa ku Nsaru kukagula mankhwala othira mumtondo, timizu takuda tonunkha, koma zinapitirira kuchoka, lero ziwiri, mawa zinayi. Mvula yachiwiri isanagwe munalibe ngakhale imodzi. Malume anati alamu awo anazilodza. Munthu amene sankatha kutukwana ngakhale galu!

Ku Kabudula sindinapiteko zaka zonse zisanu ndi chimodzi. Moni wa aGelesomu unkandipeza kudzera mwa anthu ogula mtedza, ine n'kumayankha kuti mukawauze tili bwino. Ndinkawaganizira ali kwa eni, m'kanyumba kobwereka, akudya zopatsidwa, ndipo ndinkati zawakwana, si ndi zimene ankafuna. Ulendo wanga woyamba unali wa Loweruka lapitali.

Titabwerako kumanda ndinazungulira kuseri kwa nyumba ya aYosefe kukafuna madzi osamba m'manja. Ndisanaone kanthu ndinamva kulira kuja kwa nkhunda, kwa pakhosi, kumene ndinakulira nako. Kanyumba ka aGelesomu kanalidi kakang'ono, khitchini yakale ya udzu, chitseko cha nsungwi. Koma pambali pake panali khola pamitengo isanu ndi umodzi, lalikulu kuposa la kwathu lija, nkhunda zili yakaliyakali padenga, pansi, pamtondo wina wong'ambika wodzaza madzi oyera. Tsiku la maliro, anthu piringupiringu, koma wina anali atakumbukira kusintha madziwo masana. Pafupi panali chitsa chosalala chifukwa chokhalidwa, ndi makoko a mtedza amene mphepo inali isanamwaze.

AYosefe anandipeza nditaima pomwepo. Anandiuza kuti malume awo anadwala masiku awiri okha. Anati midzi yonse yozungulira inadya maunda awo, ndipo n'chifukwa chake kumanda kunali anthu ochuluka chotero. Anafuna kundiuza mawu awo omaliza, ine ndinati asavutike, ndikuwadziwa. Kenako analowa m'kanyumba kaja n'kutuluka ndi kadengu kovindikira ndi kansalu.

"Mayi, izi anasiya kuti ndi zanu. Anasankha okha Lachitatu, asanadwale. Anati mukam'patse Esinati."

Ndinavundukula. Maunda awiri onenepa, nthenga zikungoyamba kumera.

"Ine? Ine wa pakamwa ngati ine? Zikakhala bwanji pakhomo panga?"

"Ndinawafunsa zomwezo, pepani," anatero aYosefe akuseka pang'ono. "Anati Esinati ndi Nabanda wachiwiri, amakalipa ndi pakamwa pokha. Anati zikakhala."

Ha! Munthu kundipeza ngakhale ali m'manda. Ndinawayang'ana maundawo, iwo akutsegula kukamwa kuyesa ndabwera ndi chakudya. Ndinakumbukira mawu aja akuti nkhunda zimadziwa kusiyanitsa phokoso ndi chidani. Ndinakumbukiranso lichero limene sindinalitule tsiku lija, ndi malovu amene ndinali nditangolavula kumene pamaliropo. AGelesomu ankaganiza kuti aliyense ndi wabwino kuposa mmene alili, ndipo kupusa kwawo kwakukulu kunali kumeneko. Ine ndimadzidziwa. Ndinavindikira kansalu n'kubweza kadenguko.

"Zisungeni konkuno, aYosefe. Kuno zazolowera."

"Sizinazolowere, mayi. Ndi maunda."

"Ndati zisungeni."

Sindinawauze chifukwa chenicheni. Ndinaopa kuti ndikazilera, zikamera mapiko, tsiku lina m'mawa ndikapeza zapita, ndipo mudzi wonse ukadziwa chimene zaona mwa ine. Pobwerera m'pikapu malume, amene anaona zonse ali chapatali, anandilankhula koyamba chaka chino. "Iwe Esinati, wakaniranji ndiwo?"  Ndinayang'ana fumbi la mumsewu mpaka tinafika.

Khola la kwathu lija likadalipo, kuseri kwa nyumba imene tsopano imanunkha fodya. Palibe analigwetsa, poti palibe amene amalifuna ngakhale nkhuni. Mtengo umodzi chiswe chinaudya, ndiye lapendekera kumadzulo. Udzu wa padenga unatha, miphika iwiri inagwa n'kusweka, ndipo m'zipinda zotsalazo mumalowa abuluzi. Mpando wa ndalema nsalu yake inaola, mafelemu ake ana a malume amaumitsirapo matumba. Mtondo uli pomwe unali, wodzaza masamba a mango ndi dothi. Njira ya kudimba imadutsa pomwepo, ndiye ndimapaona tsiku lililonse pobwera kothirira, nthawi zambiri dzuwa lili paliwombo, ndowa yanga ili ndi madzi ozizira a m'chitsime chawo. Dzulo ndinaima pamenepo kanthawi, ndowa ili pamutu. Kenako ndinapitirira, poti panalibe chomwetsa.